Kamzere ka pa 55 kDa kaja musakakhulupirire msanga: za antibody ya ATGL

Funso: Ndine mtsikana, ndikuchita maphunziro a Masters. Ndikudyetsa mbewa za mu labu chakudya chamafuta ambiri, ndipo theka la mbewazo ndikuzipatsanso ufa wa masamba a chammwamba. Ondiyang'anira andiuza kuti ndione ngati enzyme ya ATGL, puloteni yomwe imaphwanya mafuta osungidwa m'thupi, ikusintha m'mafuta a mbewazi. Mnzanga anandigawira antibody (puloteni yomwe imagwira puloteni yomwe ukusaka) yotsala, yopangidwa m'mbewa, ndipo pa Western blot (njira yolekanitsa mapuloteni pa jelo molingana ndi kulemera kwake, n'kuwasamutsira pa kapepala kotchedwa membrane) patuluka kamzere kakuda bii pafupi ndi 55 kDa (muyezo wa kulemera kwa puloteni) m'zitsanzo zonse, ndi kena kotuwa chapamwamba. Kodi ndiye ATGL imeneyi? Ndalama zomwe ndili nazo zingagule timabotolo tiwiri tokha. Ndigule titi?

Yankho: Achemwali, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Ndiyambe ndi chomwe chikukusowetsani tulo. Kamzere kanu kaja ine sindinakakhulupirire. Mwina ndi ATGL ndithu, pakuti puloteni imeneyi imaima pamenepo, pakati pa 54 ndi 56 kDa. Koma pamalo omwewo pamakonda kuima mlendo wina, ndipo momwe mwafotokozera ntchito yanu, mlendoyo mwamutsegulira nokha chitseko.

Mlendoyo ndi antibody ya mbewa yomwe mwaphayo. M'magazi a mbewa iliyonse muli ma antibody ankhaninkhani otchedwa IgG, ndipo kachidutswa ka mafuta komwe munadula m'mimba mwake kanabwera ndi magazi ake m'timitsempha. IgG ili ndi timaunyolo tinayi, tiwiri titalititali ndi tiwiri tifupitifupi. Mukawiritsa chitsanzo ndi mankhwala a DTT kapena mercaptoethanol, timaunyolo timeneti timalekana. Titalititali timakaima pakati pa 50 ndi 55 kDa, tifupitifupi cha pa 25. Tsono inu antibody yanu yoyamba ndi ya mbewa, choncho yachiwiri, yonyamula HRP (enzyme yomwe imachititsa kuti kamzere kaoneke), ntchito yake ndi kugwira IgG ya mbewa paliponse pamene yaipeza. Siidziwa kusiyanitsa IgG yomwe munathira inu ndi yomwe inabwera ndi magazi. Ikagwira ya m'magaziyo pamatuluka kamzere kokongola, kakuda, kofanana m'zitsanzo zonse, ndendende pamalo a ATGL.

Kuti mudziwe zoona simufunika kugula kalikonse. Mawa thirani zitsanzo zanu kawiri pa jelo imodzi, mudule membrane pakati. Mbali imodzi muiyendetse monga mwa masiku onse. Mbali inayo musaithire antibody yoyamba, igone mu mkaka wokhawokha, kenako muithire yachiwiri. Kamzere ka pa 55 kakatuluka mbali zonse ziwiri, dziwani kuti mwakhala mukujambula magazi. Yang'ananinso chithunzi chomwe muli nacho kale, cha pa 25 kDa. Ngati pali kamzere pamenepo, umenewo ndi umboni wachiwiri.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa zinandionekera. Ndili wophunzira ngati inu, mu labu ina kunja kwa dziko lino, ndinatha miyezi pafupifupi itatu ndikuyeza kuda kwa kamzere kotere, ndikulemba manambala m'kope, mpaka ndinakaonetsa pa msonkhano wa gulu lathu. Mayi wina wachikulire amene ankasamala labuyo anangofunsa modekha kuti, "Nanga ya antibody yachiwiri yokha ili kuti?" Ndinalibe. Nditaichita mawa lake, kamzere kaja kanatuluka mbee, popanda antibody yoyamba. Ndimakumbukirabe momwe ndinaimira m'chipinda chamdima chija, filimu yonyowa ili m'manja, ndikuwerenga m'mutu mbewa zomwe zinafa pachabe. Sindifuna kuti zimenezi zikuchitikireni.

Za kamzere kotuwa kapamwamba, ngati kali cha pa 66 kDa ndingakayikire albumin, puloteni ina ya m'magazi yomwe imachuluka kwambiri mwakuti ma antibody ena amangoikakamira. Zonse ziwiri zimachepa mukatsuka magazi m'thupi la mbewa ndi madzi amchere kudzera mu mtima musanadule mafuta, kapena mukatsukuluza tizidutswato bwinobwino m'madzi amchere ozizira a PBS.

Tsopano tikambe za enzyme yeniyeniyo, chifukwa kusankha antibody kumayambira pa kudziwa chomwe mukusaka. Mafuta omwe thupi limasunga ndi ma triglyceride: glycerol mmodzi atagwira ma fatty acid atatu. M'selo ya mafuta amakhala m'dontho limodzi lalikulu lomwe limadzaza pafupifupi selo yonse. Munthu akagona ndi njala kapena akalima tsiku lonse, thupi limayamba kuthothola ma fatty acid aja limodzilimodzi kuti likawotche. Loyamba imathothola ndi ATGL, lachiwiri enzyme ina yotchedwa HSL, lomaliza inanso yotchedwa MGL, ndipo glycerol amatsala yekha n'kulowa m'magazi.

Kwa zaka pafupifupi 40 anthu ankakhulupirira kuti mwini ntchito yonseyi ndi HSL, yomwe inadziwika m'zaka za m'ma 1960. Chikhulupiriro chimenechi chinagwedezeka mu 2000 pamene ofufuza anapanga mbewa zopanda HSL. Ankayembekezera kuti zinenepa kwadzaoneni, koma sizinatero. Zamphongo zinali zosabereka, ndipo patapita nthawi zinadziwika kuti m'matupi mwake munkaunjikana diglyceride (glycerol wotsala ndi ma fatty acid awiri), kutanthauza kuti panali wina amene ankathothola fatty acid woyamba. Mu 2004 magulu atatu anamupeza, lililonse palokha. Gulu la Rudolf Zechner ku Graz m'dziko la Austria linamutcha ATGL, la Hei Sook Sul ku Berkeley linati desnutrin, ndipo la Richard Gross ku St. Louis linati iPLA2-zeta. Jini yake ndi PNPLA2. Mayina onsewa muwasunge pamtima, chifukwa makampani amagulitsa ma antibody a puloteni imodzimodziyi pa mayina osiyanasiyana, ndipo amene amasaka ndi dzina limodzi lokha amaphonya zambiri. Ya munthu ili ndi ma amino acid 504, ya mbewa 486.

Kuti enzyme imeneyi si yamasewera zinaoneka mu 2006, pamene a ku Graz omwewo anapanga mbewa zopanda ATGL. Mafuta anadzaza m'minofu ya mtima mpaka mbewazo zinayamba kufa zili ndi miyezi itatu yokha. Alipo anthu ochepa padziko lapansi obadwa ndi jini ya PNPLA2 yowonongeka, ndipo amafooka minofu, ena mtima umawavuta. Mu 2011 zinaonekanso kuti mbewa zopanda ATGL sizinaonde monga zinzake zitadwala khansa. Ife amene taonapo abale athu akutha thupi ndi khansa, ndiponso amene tikuona shuga ndi kunenepa zikuchuluka m'matauni mwathu, tili ndi chifukwa chokwanira chofunira kuimvetsa enzyme imeneyi kuchokera mbali zonse ziwiri.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi ndi okuyang'anirani. Iwo akuti muone ngati ATGL "ikusintha". Kusintha kwake kuti? Antibody imakuuzani kuti puloteni ilipo, ndi kuti ilipo yochuluka bwanji. Siikuuzani ngati ikugwira ntchito. Kuwerenga makasu omwe ali m'nyumba sikungakuuzeni kukula kwa munda womwe walimidwa. ATGL ikhoza kukhala mbwee m'selo koma ili chikhalire, chifukwa payokha ndi yaulesi. Imadikira mnzake wotchedwa CGI-58, kapena ABHD5, amene nthawi ya mtendere amakhala atagwiridwa ndi puloteni ya perilipin 1 pa khungu la dontho la mafuta lija. Adrenaline akafika, enzyme ya PKA imamata phosphate pa perilipin ndi pa HSL, perilipin imamasula CGI-58, ndipo iyeyu akakhudza ATGL ntchito imayamba mwamphamvu. Zonsezi zimachitika m'mphindi zowerengeka, kuchuluka kwa ATGL kusanasinthe n'komwe. Palinso kapuloteni kakang'ono, G0S2, komwe kamaitseka pakamwa, ndipo insulin imazimitsa msewu wonsewu munthu akangodya. Ndiye chammwamba chanu chikhoza kusintha kwambiri kaphwanyidwe ka mafuta koma kamzere ka ATGL n'kukhala chimodzimodzi, kapena kamzere kakhoza kuda pamene mafuta sakuphwanyidwa.

N'chifukwa chake malangizo anga pa ndalama zanu ndi awa: gulani antibody imodzi yabwino ya ATGL, ndipo ndalama za kabotolo kachiwiri mugulire kiti yoyezera glycerol. Mukadula tizidutswa ta mafuta tolemera mamiligalamu 20 kapena 30, n'kutiika m'madzi ofunda a 37°C okhala ndi albumin yopanda ma fatty acid, tina tokha, tina ndi isoproterenol (mankhwala ochita ngati adrenaline), pakatha ola limodzi kapena awiri mumayeza glycerol yemwe watuluka. Glycerol ndi mboni yabwino chifukwa maselo a mafuta oyera samugwiritsanso ntchito kwenikweni, akatuluka watuluka. Pamenepo mudzakhala ndi kuchuluka kwa enzyme mbali ino, ndi ntchito yake mbali inayo. Muli ndi mwayi winanso poti mukugwira ntchito ndi mbewa. Mankhwala otchedwa Atglistatin, omwe analengezedwa mu 2013, amaletsa ATGL ya mbewa koma ya munthu saigwira. Mukapeza wokugawirani pang'ono, mudzatha kuonetsa kuti glycerol wotulukayo akuchokeradi ku ntchito ya ATGL.

Ena adzakuuzani kuti yachiwiri ikhale ya HSL yomatidwa phosphate pa malo otchedwa Ser660 kapena Ser563. Ndi ma antibody othandiza zedi ndipo ine ndimawakonda, koma sayenda okha. Pamafunika ina yoona HSL yonse kuti mugawe, apo ayi simudziwa ngati phosphate yachuluka kapena puloteni ndiyo yachuluka. Amenewo ndi timabotolo tiwiri kale. Mudzagule mtsogolo, ndipo podzagula mudzakumbukire kuti manambalawa anawerengedwa pa HSL ya khoswe. Pa munthu malo omwewo ndi Ser650 ndi Ser552. Ser565 ndi nkhani ina, imamatidwa ndi enzyme ina, AMPK, osati PKA, ndipo kusokoneza ziwirizi kumatembenuza tanthauzo lonse la zotsatira zanu.

Nanga antibody yabwinoyo muidziwa bwanji? Choyamba, ikhale yopangidwa mwa kalulu, kuti vuto la IgG ya mbewa lija lithe. Ngati mungathe, sankhani yomwe alemba kuti recombinant monoclonal. Ya polyclonal imachokera m'magazi a kalulu wobayidwa, ndipo magazi a kalulu ameneyo akatha kampani imabaya wina, nambala ya katundu n'kukhala yomweyo koma zam'botolo zasintha. Ya monoclonal, njira yomwe Georges Köhler ndi César Milstein anatulukira mu 1975, imachokera ku mtundu umodzi wa maselo. Ya recombinant jini yake inawerengedwa n'kusungidwa, choncho yomwe mudzagule chaka chamawa idzafanana ndi ya lero.

Kenako tsegulani pepala la kampani, muliwerenge ngati mukuwerenga kalata ya malo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha kamzere kamodzi koyera bwino, kodulidwa m'mwamba ndi m'munsi, sichikuuzani kanthu. Chithunzi chochokera ku maselo omwe anawakakamiza kupanga ATGL yambirimbiri chimangoonetsa kuti antibody imaigwira ikachuluka mopyola muyezo. Chomwe mukufuna ndi membrane yathunthu, yokhala ndi chitsanzo chabwinobwino pambali pa chitsanzo chomwe jini ya PNPLA2 inachotsedwa, kamzere kakuoneka uku, uko kulibe. Onaninso kuti anaiyesadi pa mbewa. Mawu akuti "predicted" amatanthauza kuti angoyerekeza pa kompyuta. Ndipo onani chigawo cha puloteni chomwe antibody imagwira. ATGL ili ndi m'bale wake, PNPLA3, amenenso amapezeka m'mafuta, ndipo awiriwa amafanana kwambiri chakumutu, komwe kuli ma amino acid a Ser47 ndi Asp166 omwe amagwira ntchito yodula. Chakumchira amasiyana, choncho antibody yogwira kumchira kawirikawiri siisokoneza abalewa, ngakhale kumchira komweko n'kumene ATGL ya mbewa ndi ya munthu zimasiyananso.

Musadalire kuti poti antibody inatchulidwa m'mapepala ambiri ndiye kuti ndi yabwino. Mu 2017 ofufuza a ku Sweden anayesa ma antibody 13 a puloteni yotchedwa estrogen receptor beta, ena mwa iwo otchuka kwambiri, n'kupeza kuti imodzi yokha ndiyo inkagwiradi puloteniyo moyenera. Mu 2023 gulu la YCharOS la ku Montreal linatulutsa zotsatira za ma antibody 614 a mapuloteni 65, oyesedwa pa maselo ochotsedwa jini. Oposa theka analephera pa njira imodzi kapena zingapo, ndipo a recombinant ndi omwe anachita bwino kuposa anzawo. Zimenezi sizikutanthauza kuti makampani onse ndi akuba. Zikutanthauza kuti ntchito yotsimikizira imatsalira inu, pa zitsanzo zanu, ndi manja anu.

Ndikudziwa kuti mbewa zopanda ATGL mulibe. Lembani kalata kwa ofufuza amene ali nazo, mupemphe kachubu kamodzi ka madzi a mafuta ake owiritsidwa kale. Ambiri amayankha, ndipo chitsanzo chowiritsidwa mu sopo wa SDS chimayenda ulendo bwinoko. Ngati labu yanu ili ndi maselo a 3T3-L1, maselo a mbewa oleredwa m'mbale, muli pabwino. Asanasanduke maselo a mafuta amakhala ndi ATGL yochepa kwambiri, ndipo mukawasandutsa ndi insulin, dexamethasone ndi IBMX, pakatha sabata imodzi kapena kupitirirapo pang'ono imakwera koopsa. Kamzere koona kayenera kutsatira zimenezi, ndipo kayenera kufooka mukathira siRNA yozimitsa jini ya PNPLA2. Zonsezi zikakanika, mbewa imodzi yomweyo ikhoza kukuthandizani. Ikani moyandikana mafuta oyera, mafuta ofiirira a pakati pa mapewa, mtima ndi chiwindi. ATGL imachuluka m'mafuta, mu mtima ilipo yocheperapo, m'chiwindi ndi yochepa. Kamzere kofanana ponseponse n'kokayikitsa. Za kapeputayidi kotsekera komwe makampani ena amagulitsa, musatayirepo ndalama. Kamangoonetsa kuti antibody imagwira kapeputayidi komwe anaipangira, ndipo kamazimitsa kamzere konama pamodzi ndi koona.

Mafuta ndi chitsanzo chovuta kukonza, ndipo ma antibody ambiri abwino amanyozedwa pa zolakwa za pokonza. Mukapera n'kuzungulitsa pa centrifuge yozizira, pamwamba pamayandama chikhungu choyera cha mafuta oundana. Lowetsani kansonga ka pipeti pansi pa chikhunguchi mosamala, mukoke madzi a pakati, muthire m'kachubu katsopano, muzungulitsenso kawiri kapena katatu mpaka madziwo ayere. Mafuta otsala amanamiza BCA, muyezo wa kuchuluka kwa mapuloteni, ndipo amapindapinda timizere pa jelo. Koma kumbukirani kuti ATGL ina imakhala yokakamira pa dontho la mafuta, choncho madzi operera akhale ndi sopo wokwanira, monga RIPA, kuti aichotsepo chikhungucho chisanatayidwe. Poyerekeza kuchuluka kwa zitsanzo musagwiritse ntchito puloteni ya tubulin, chifukwa nayonso imaima pakati pa 50 ndi 55 kDa. Ine ndimakonda Ponceau, yofiira ija, yomwe imaonetsa mapuloteni onse ndipo ndi yotsika mtengo. M'mbewa zonenepa maselo ena amalowerera m'mafuta, ndipo actin ndi GAPDH, mapuloteni ena oyerekezera zitsanzo, zikhoza kusintha pazokha.

Mbewa zonse muziphe pa ola lofanana, zitakhala nthawi yofanana osadya, pakuti njala imakweza ATGL. Dzina lija la desnutrin linabwera chifukwa cha zimenezi. Musayambe ndi gulu limodzi m'mawa n'kumalizira linalo masana, zisakanizeni. Mafuta a m'mimba ndi a pansi pa khungu muwasunge padera, ndipo aliwonse aundane msangamsanga akangodulidwa.

Kabotolo kakafika, musade nkhawa kwambiri ngati kanagona masiku awiri kapena atatu pa bwalo la ndege ayezi atasungunuka. Ma antibody ambiri amapirira zimenezo. Chomwe chimawapha ndi kuundana n'kusungunuka mobwerezabwereza, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno zimenezi zikhoza kuchitika usiku inu muli mtulo. Ngati m'kabotolomo muli glycerol wa 50%, antibody siiundana pa -20°C, ndiye ingoikani pansi penipeni pa filiji, pakati pa mabotolo a madzi oundana, osati pachitseko. Ngati m'kabotolomo mulibe glycerol, igaweni m'timachubu ta mamaikolita 10. Ikaninso kachubu ka madzi odzaza theka, kaundane kali chiimire, kenako mukazondotse. Tsiku lomwe mudzapeze ayezi ali kumunsi mudzadziwa kuti filiji inasungunuka. Antibody yoyamba yosungunula kale mukhoza kuigwiritsa ntchito kangapo mukaisunga pa 4°C ndi sodium azide wa 0.02%. Azide ndi poizoni, mugwire ndi magolovesi, ndipo asayandikire antibody yachiwiri chifukwa amapha HRP.

M'kope mwanu lembani dzina la kampani, nambala ya katundu, nambala ya lot, nambala ya RRID (yozindikirira antibody m'mapepala a kafukufuku) ngati ilipo, ndi mlingo womwe mwasungunulira. Ya mnzanu ija musaitaye. Ngati kamzere kake sikatuluka pa membrane ya antibody yachiwiri yokha, idzakhala mboni yachiwiri pambali pa yatsopanoyo, makamaka ngati ziwirizi zimagwira zigawo zosiyana za puloteni. Mukachita kuyesa kwa mawa kuja, nditumizireni chithunzi cha membrane yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi ladder yake, timizere tosonyeza ma kDa, ikuoneka, tidzaone limodzi musanalipire kalikonse.